Mano a Amalume a ku Feira, Gawo 6: Ufa wa M'kabotolo

Inu nonse amene mwakhala mukufunsa ngati amalume ayamba kukukuta chimanga chokazinga, ugwireni mtima. Sanayambe. Ndipo inu mayi a ku Chipata amene mukuti nkhaniyi ndikuikoka dala, mukunena zoona. Ndikuikokadi, poti nalonso fupa la munthu silithamangitsidwa.

Mukukumbukira pamene tinasiyira. Amalume anabwerako ku Lusaka ali ndi timabawuti tiwiri ta titanium m'nsagwada ya m'mwamba, pamalo a mano awiri aja amene nkhafi inagulula tsiku limene mvuu inatukula bwato. Adokotala anatikwirira ndi nkhama, nasoka, nawapatsa mano apulasitiki ongovala pa anthu. Lamulo linali limodzi: miyezi 6 osatekesa malowo.

Miyezi 6 ku Feira! Kodi pakamwa pa anthu pangadikire nthawi yonseyo?

Kwathu kuno nkhani siyenda pansi, imakwera bwato. Mukanong'ona pa dooko m'mawa, masana yawoloka Luangwa yafika ku Zumbo, ku Mozambique. Dzuwa likamapendeka yawoloka Zambezi, a ku Kanyemba ku Zimbabwe akuikamba m'chinenero chawo. Ikamabwerera kwa mwini wake imakhala itanenepa, yavala ndi jekete.

Ya amalume inabwerera itanena kuti m'kamwa mwawo muli mafupa a munthu wakufa.

Anaibweretsa kunyumba ndi mayi wina wogulitsa nsomba zouma pa Luangwa Bridge. Iye anaimva kwa kondakitala, kondakitala anaimva kwa munthu amene akuti anaona ndi maso ake kabotolo ka ufa woyera pa tebulo la adokotala. Amalume atamva anaika kapu ya tiyi pansi.

"Mphwanga, tabwera kuno. Iwe unali m'chipinda muja. Ufa uja unali wa chiyani?"

"Amalume, adokotala anafotokoza, ndipo pepala munasaina nokha."

"Ndinasaina, inde. Koma munthu ali chagada, nyali ili m'maso, umamva chiyani? Ufa uja unali wa ndani?"

Mwamva funsolo? Sakufunsanso kuti wa chiyani. Akufunsa kuti wa ndani.

Apa ndiyenera kukubwezani pang'ono, chifukwa ufawo unali ndi chifukwa chake. Amalume anakhala ndi magweru kwa nthawi yoposa chaka asanavomere zopita ku Lusaka, mukudziwa kale makani awo. Fupa limene limagwira dzino limakhalira dzinolo. Dzino likachoka, thupi limayamba kulisungunula fupalo pang'onopang'ono, poona kuti lilibenso ntchito. Ofufuza a ku Denmark anayeza zimenezi, ndipo mu 2003 anafalitsa zoti m'miyezi 12 mzere wa fupa pamalo ozulidwa dzino umatha kuphwa ndi theka m'lifupi mwake, ndipo kuphwa kwambiri kumachitika m'miyezi 3 yoyamba. Choncho amalume atafika pa mpando, fupa lakutsogolo linali litapyapyala. Bawuti inalowa, koma mbali yake ina inatsala pamtunda. Adokotala anathirapo ufa uja, naphimba ndi kansalu kopyapyala kosungunuka m'thupi, kuti fupa latsopano lipeze pokwawira.

Tinaimbira foni msuweni wanga, mwana wawo wamkazi uja wa ku Lusaka amene akulipira zonsezi. Anatenga pepala, nawerenga mokweza.

Ng'ombe.

"Wati chiyani?"

"Ng'ombe, atate. Ndi fupa la ng'ombe. Amalitentha ndi kulitsuka ndi mankhwala mpaka zonse zanyama zitachoka, n'kutsala mchere wa fupa wokhawokha, wa timabowotimabowo."

Amalume anakhala chete. Kenaka anaseka mpaka mano apulasitiki aja anafuna kugwa. Kuchigwa kwathu kuno, kumene ntchentche za kaodzera zakhala zikuvutitsa ng'ombe kuyambira kalekale, anthu ambiri amaweta mbuzi. Amalume sanakhalepo ndi khola la ng'ombe moyo wawo wonse.

"Ndiye kuti ng'ombe yanga yoyamba ndaiweta m'kamwa!"

Komabe musamuseke kwambiri mayi wa nsomba uja. Mphekesera yake inali ndi mwendo umodzi woponda pansi. M'maiko ena fupa la anthu amene anavomera okha kupereka ziwalo zawo akadzamwalira limakonzedwa mosamala n'kugwiritsidwa ntchito yomweyi. Lina amalipanga m'fakitale, lina amalidula pa thupi la wodwala yemweyo. N'chifukwa chake munthu ali ndi ufulu wofunsa asanagone pa mpando, ndipo dokotala ali ndi udindo woyankha momveka, m'chinenero chimene wodwalayo amalota nacho. Pamenepa sindiseka. Zolowa m'thupi mwa munthu, mwini thupi azidziwe.

Tinaganiza kuti nkhani yatha. Sinathe.

Msuweni wanga, poti pepala linali kale m'manja, anapitiriza kuwerenga. Panali mzere wonena za khungu la bawutiyo: kuti linawazidwa mchenga ndi mphepo yamphamvu, kenaka linanyikidwa mu asidi.

"Asidi? Wa mu batire?"

"Ayi atate, musadzidzimuke."

"Iwe, ndalama zonse zija unalipira chitsulo chodyeka ndi asidi? Chatsopano chosalala chinasowa?"

Funso limeneli, anthu anga, ndi limene linasowetsa tulo madokotala a ku Ulaya kwa zaka zambiri, ndipo amalume analifunsa atakhala pa mtondo wogubuduzika pansi pa msawu.

Tiyambe ndi kalulu. Mu 1952, ku Lund m'dziko la Sweden, wofufuza wachinyamata Per-Ingvar Brånemark ankafufuza mmene magazi amayendera m'kati mwa fupa. Anaika kachipangizo koonera ka titanium m'fupa la mwendo wa kalulu. Kafukufuku atatha anafuna kukachotsa kuti akagwiritsenso ntchito. Kanakana. Fupa linali litakakumbatira popanda mnofu uliwonse pakati. Ena anali ataonapo kale kuti titanium imagwirizana ndi fupa la nyama, koma amene anaitsatira nkhaniyi mpaka m'kamwa mwa munthu ndi iyeyu. Mu 1965, ku Gothenburg, anaika timabawuti 4 m'nsagwada ya pansi ya bambo wina dzina lake Gösta Larsson. Bamboyo anamwalira mu 2006, patatha zaka zoposa 40, timabawuti tija tikugwirabe ntchito.

Chinsinsi cha titanium chili pa khungu lake. Ikangokhudzana ndi mpweya, pamwamba pake pamapangika kakhungu kopyapyala kwambiri ka okusaidi, kosaoneka ndi maso, kamene sikachita dzimbiri m'thupi. Magazi ndi maselo sakumana ndi chitsulo chenichenicho, amakumana ndi kakhunguko. Ndipo mwina simukudziwa kuti miyala yochokera titanium ili pafupi nafe. Ku Moma, m'mbali mwa nyanja ku Mozambique, amakumba mchenga wa ilmenite, ndipo ku Kasiya, pafupi ndi Lilongwe, kunapezeka rutile wochuluka zedi. Wambiri amathera mu penti yoyera, koma chitsulocho n'chomwechi.

Timabawuti ta Brånemark tinali tosalala ndithu, monga mmene tinkachokera pa makina. Tinkagwira, koma mochedwa: miyezi 3 m'nsagwada ya pansi, miyezi 6 m'mwamba, kumene fupa limakhala lofewerapo. Ndiye ena anayamba kudzifunsa ngati fupa silingagwire msanga chitsulo chitakhala chokhakhala.

Ndinawafunsa amalume: "Paja mmisiri uja anapaka pulasitala khoma la kukhitchini, anayamba watani?"

"Analigogoda ndi kulikanda, n'kuliwaza madzi."

"Chifukwa?"

"Pakhoma losalala simenti imagwa. Mwana aliyense amadziwa."

Basi, anali atadziyankha okha. Bawuti ikangolowa m'fupa, choyamba kuigwira ndi magazi. Amaundana, n'kupanga ulusi wosaoneka umene maselo omanga fupa amayendapo popita ku chitsulo. Bala likamapola ulusiwo umakokeka. Pachitsulo chosalala umatha kusomphoka, pamene pokhakhala umakola m'timaenje, maselo n'kufika n'kuyamba kumanga fupa pachitsulo penipenipo. Mu 1991 Daniel Buser wa ku Bern, ku Switzerland, ndi anzake anafalitsa zimene anapeza atayesa makungu osiyanasiyana m'mafupa a nkhumba zazing'ono. Pa zosalala, fupa linakhudza gawo la pakati pa 20 ndi 25 pa 100 alionse a khungulo. Pa zowazidwa mchenga wokhakhala n'kunyikidwa mu asidi linafika pa 50 mpaka 60. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 makampani ambiri anatsata njira imeneyi, ndipo pamene fupa lili lokwanira bwino, nthawi yodikira inatsika kufika pa masabata 6 kapena 8. Amalume anauzidwa miyezi 6 chifukwa cha ng'ombe yawo ija, imene imafuna nthawi kuti fupa lawo lilowerere m'timabowo take.

Panali khungu lina limene linaposa onsewo pa mayeso a Buser, lofika pa 60 mpaka 70. Limeneli linali lopakidwa hydroxyapatite, mchere womwewo wa kashiamu ndi fosifeti umene umalimbitsa mafupa ndi mano athu. M'zaka za m'ma 1980 anayamba kuupopera pa titanium ndi moto wotentha koopsa, ndipo fupa linkauthamangira ngati lapeza mbale wake. Aliyense anati nkhani yatha.

Mwaganiza bwino. Sinathe.

Zopaka zokhuthala zija nthawi zina zinkasungunuka, nthawi zina zinkasupuka n'kulekana ndi chitsulo, ndipo nkhama zikatsika n'kuzisiya poyera, tizilombo tinkamangapo mudzi. Ambiri anazisiya. Masiku ano ena amapaka mopyapyala kwambiri, ena amakulitsa kakhungu ka okusaidi kaja ndi magetsi, ena amathirako fluoride, ena amasunga bawuti m'madzi amchere kuti magazi adzaifalikire msanga. Akatswiri a ku Sweden, Ann Wennerberg ndi Tomas Albrektsson, anaonetsa kuti kukhakhala kwapakatikati, kwa micrometer 1 mpaka 2, ndiko kumene fupa limakonda. Micrometer imodzi ndi milimita yogawidwa ka 1,000. Tangoganizani: tsogolo la kumwetulira kwa amalume likudalira timaenje tosaoneka popanda maikulosikopu.

Koma kukhakhala kumene fupa limakonda, nato tizilombo ta m'kamwa timakukonda. Munthu akapanda kutsuka bwino, nkhama zozungulira bawutiyo, imene madokotala amaitcha implant, zimatupa, zimatuluka magazi, fupa n'kuyamba kudyeka mwakachetechete, nthawi zambiri popanda kupweteka. Chitsulo sichibooka ngati dzino, n'zoona. Chimene chimadwala ndi nyumba yake.

Tili mkati mokamba izi, nkhalamba ina yosoka maukonde, imene inkamvetsera chapatali, inalowererapo.

"Ana inu mumakonda zovuta. Ng'ona ikathyola dzino limamera lina. Njovu imamera mano otafunira kasanu n'kamodzi. Ife Mulungu anatipatsa kawiri basi. Nanga bwanji osangosema chigoba cha nkhono ya mumtsinje n'kutsekapo?"

Tonse tinaseka. Koma agogowo anali atalasa pamene sanalinge.

Mu 1931, ku Honduras, Wilson Popenoe ndi mkazi wake Dorothy anafukula chidutswa cha nsagwada ya munthu wa mtundu wa Maya, ya cha m'ma 600. M'malo mwa mano atatu akutsogolo munali tizidutswa ta chigoba tosemedwa ngati mano. Kwa zaka zambiri anthu ankati anatiika munthuyo atafa kale, pomukonzera maliro. Mu 1970 Amadeo Bobbio wa ku Brazil anaijambula ndi X-ray, napeza fupa latsopano litamera mozungulira tizigobato. Fupa la wakufa silimera. Munthuyo anayenda nazo ali moyo.

Agogo aja anangoti, "Mwaona?" n'kupitiriza kusoka.

Chonde, wina asakatole nkhono pa Zambezi chifukwa cha nkhani ino. Tikudziwa za mmodzi amene zinamuyendera, amene anatupa nsagwada n'kufa sanatisiyire uthenga. Ndipo poti tatchula zakale, imvaninso iyi. M'zaka za m'ma 1700, nthawi imene Apwitikizi ankagula minyanga ku Zumbo ndi kuno ku Feira, olemera a ku Ulaya ndi ku America ankavala mano osemedwa kuchokera ku mano a mvuu. Ngakhale George Washington anali nawo otero. Amalume atamva anati mvuu ija inangobwera kudzatenga ngongole ya makolo ake.

Masabata anapita. Mphekesera ya mafupa inazilala, anthu anapeza zina zokamba. Amalume ankadya phala, nsima yofewa, nsomba yochotsedwa minga. Shuga anakayezetsa, anali bwino, ndipo adokotala anali atanenetsa kuti matenda a shuga osasamalidwa amachedwetsa kupola. Mano apulasitiki ankawavula usiku monga anauzidwira, chifukwa bawuti ikamagwedezeka fupa lisanagwire, ngakhale pang'ono kwambiri, thupi limaikuta ndi mnofu m'malo mwa fupa, ndipo zikatero yalephera. Tonse tinkawayamikira. Amayi anga ankati mlongo wawo wasanduka munthu watsopano.

Mpaka tsiku limene akazi awo anapita kukafuna mpeni m'kanyumba kosungira maukonde.

M'chitini cha mbedza, pansi pa nsanza, munali fodya wopichira. Pambali pake machesi. M'mphepete mwa khoma, zotsalira zambirimbiri zokwiriridwa mumchenga.

"Bambo a ana, ichi n'chiyani?"

"N'cha anyamata ogwira ntchito m'bwato."

"Anyamata ake ati, poti bwato lili pamtunda chigwereni ngozi?"

Zii.

Anthu anga, apa mtima wanga unawawa, ndipo ukuwawabe pamene ndikulemba. Adokotala ananena mobwerezabwereza za fodya. Chikonga chimafinya timitsempha ta magazi, utsi umachepetsa mpweya wabwino m'magazimo, ndipo paja taona kuti ntchito yonse yomanga fupa imayamba ndi magazi. Kafukufuku wambiri akasonkhanitsidwa pamodzi amaonetsa kuti ma implant a osuta amalephera pafupifupi kawiri kuposa a osasuta, ndipo pamene pathiridwa ufa wa fupa ngoziyo imakulirapo. Anthu a ku Bern ndi ku Gothenburg angathe kukonza khungu la chitsulo mwaluso lotani, koma sangalowe m'kanyumba ka maukonde ku Feira kukazimitsa ndudu.

Msuweni wanga atamva sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa.

"Atate, ndalama zija ndinatenga ngongole kuntchito. Ndikubwezabe."

Amalume anagwira foni ndi manja awiri. Munthu amene anayang'anizana ndi mvuu pakati pa Zambezi analephera kupeza mawu oyankha mwana wake. Anati ankasuta umodzi wokha madzulo, kutali ndi bala, mbali ina ya kamwa. Ngati utsi umasankha mbali! Usiku womwewo anataya chitini chonse mumtsinje, ndi mbedza zomwe. Koma miyezi inali itapita kale, ndipo zimene zinachitika pansi pa nkhama palibe akanaziona ndi maso.

Tsiku lobwerera ku Lusaka linakwana. Ulendo wa makilomita oposa 300: kudutsa Katondwe m'bandakucha, kukwera chitunda mpaka pa Luangwa Bridge, kenaka Great East Road ndi mapiri ake okhotakhota. Pa buliji mayi wa nsomba uja anawaona pa windo.

"Akulu, mukaipatse moni ng'ombe yanu!"

Amalume sanaseke. Njira yonse lilime linali pa nkhama.

Adokotala anatilandira bwino. Amalume asanakhale n'komwe pa mpando anaulula okha za fodya, ndipo pa ichi ndimawalemekeza. Adokotala anapuma mozama, nati, "Mwachita bwino kundiuza, bambo. Tiyeni tione chimene fupa lanena."

Anabaya jakisoni wa dzanzi, natsegula nkhama pang'ono pamwamba pa bawuti iliyonse. Tinaona timitu tiwiri totuwa. Kenaka anatenga chogwirira cha kagalasi kawo koonera m'kamwa, natifotokozera kuti bawuti yogwidwa ndi fupa ikagogodedwa imalira mowala ngati chitsulo cholimba, pamene yokutidwa ndi mnofu imalira mogonthera, ndipo mwina wodwala amamva kuwawa.

Anagogoda ya kumanja.

Ngwee!

Msuweni wanga anandifinya dzanja. Adokotala anamwetulira ndi maso, poti pakamwa panali pophimba. Imodzi yagwira, anthu anga! Fodya ndi fodya wake, imodzi yagwira!

Anasunthira ku ya kumanzere, kumene kunathiridwa ufa wambiri. Anagogoda kamodzi. Anapendeketsa mutu. Anagogodanso.

Sananene kanthu.

Anatuma namwino kuti akonze X-ray. Chithunzi chitatuluka pa kompyuta anachikulitsa, nachiyang'ana nthawi yaitali, naitana dokotala mnzake wa chipinda china. Awiriwo analoza malo amodzi, pamwamba pa nsonga ya bawuti, cha kufupi ndi mphuno. Ananong'onezana. Kenaka adokotala anavula chophimba pakamwa, nakokera mpando wawo pafupi ndi amalume.

"Bambo, za fodya tikambirana bwino lino. Pali china. Tsiku la ngozi lija, nkhafi itakumenyani, mano awiri aja munawaona ndi maso anu? Onse awiri, athunthu?"

Amalume anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana msuweni wanga. Inu amene mwakhala nafe kuyambira Gawo 1 mukukumbukira dzino limene anyamata anatola m'bwato tsiku lija, ndipo mukukumbukira kuti linali limodzi.

Kodi adokotala anaona chiyani pa chithunzicho? Nanga bawuti ya kumanzere inalira bwanji? Ine ndinaimva, koma lero simundikakamiza. Bwererani ku Gawo 1 mukawerengenso bwinobwino, ndipo amene muli ndi fodya m'chitini cha mbedza mukhale mutamutaya tisanakumane sabata yamawa.